Njinga yamoto ya ulendo wautali pa msewu wonyowa

Mvula ya chizimalupsa ikagwa, mlimi amayamba kunola khasu, koma kwa woyendetsa njinga yamoto imeneyi ndiyo mvula yoopsa kuposa ina iliyonse m'chaka. M'miyezi yonse ya chilimwe msewu wa tala umakhala ukumwa oyilo wodontha m'mainjini, dizilo wotayika m'mathanki a malole, fumbi ndi tizinyenyeswa ta matayala. Madontho oyamba satsuka zimenezi. Amangozifukula n'kuzisandutsa kaphala kosaoneka ndi maso, koterera ngati therere, ndipo pamafunika chimvula champhamvu kuti msewu uyere.

Izi zimakhudza aliyense woyenda pa magudumu awiri, wa kabaza yemwe, koma vuto limakula pa njinga zikuluzikulu zopangidwira maulendo ataliatali, zija zimaoneka apo ndi apo mumsewu wa M1 zitapachika mabokosi uku ndi uku, zikuchokera ku chipata cha Songwe kulowera kummwera. Dziko la Malawi lili pa njira imene alendo ambiri oyenda pakati pa Cairo ndi Cape Town amadzera. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman adadutsa muno pa njinga za BMW R1200GS Adventure, pa ulendo wawo wochokera ku Scotland.

Kusiyana kwa njinga zotere ndi zing'onozing'ono kwagona pa kulemera. Honda Gold Wing, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1975, lero imalemera makilogalamu pafupifupi 380 munthu asanakwerepo, pomwe Bajaj Boxer ya kabaza ili m'ma 120. Pakaonjezeka woyendetsa, wokwera kumbuyo ndi katundu, mtolo umapitirira makilogalamu 500. Komatu mtolo wonsewu umakhudza msewu pa malo awiri okha, ndipo aliwonse mwa malowa saposa chikhatho cha munthu. Kukhota, kuima ndi kuthamanga, zonse zimadalira zikhatho ziwirizi.

Zimene tayala limachita m'madzi

Tayala limagwira msewu wonyowa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi tingalande tosemedwa pamwamba pake, tomwe timapatsa madzi njira yothawira m'mbali kuti labala akhudze tala. Yachiwiri sioneka ndi maso, ndipo n'chifukwa chake ogula ambiri saiganizira: msakanizo wa labalayo. Matayala amakono oyendera pa tala amakhala ndi silica, ufa wochokera ku mchenga, womwe umathandiza labala kukhalabe wofewa pamene msewu wazizira. Zimenezi n'zofunika chifukwa mu mvula tayala silitentha mokwanira, ndipo labala wozizira amauma n'kumangodutsa pamwamba pa timiyala ta msewu m'malo motikumbatira. Mu 2011 kampani ya Michelin idatulutsa tayala la Pilot Road 3, lokhala ndi timing'alu topyapyala tong'amba kansalu ka madzi kotsala pansi pa tayala. Matayala ambiri a maulendo ataliatali alinso ndi labala wa mitundu iwiri: wolimba pakati kuti asathe msanga, wofewa m'mbali kuti agwire njinga ikapendekeka pa kona.

Woyenda mu Africa amakumana ndi funso limene mnzake wa ku Ulaya sakumana nalo kawirikawiri. Tayala lopambana pa tala wonyowa ndi lomwelo limene limagonja m'matope. Tingalande take timadzaza dothi la katondo kapena makande pa mamita ochepa chabe, tayala n'kusanduka losalala ngati dazi. Matayala a mano akuluakulu, monga Continental TKC 80, amaluma matope n'kumawataya, koma pa tala labala wokhudza msewu amakhala wochepa, ndipo manowo amapindika njinga ikapendekeka. Pakati pa mitundu iwiriyi pali matayala ogawa ntchito, omwe ogulitsa amawatchula ndi manambala ngati 90/10, 70/30 kapena 50/50, kutanthauza gawo la tala ndi gawo la fumbi.

Palibe tayala lochita zonse bwino. Amene cholinga chake ndi kukwera msewu wakale wa Gorodi, kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, womwe uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ali ndi chifukwa chomveka chofunira mano. Koma ambiri amagula matayala a mano chifukwa amaoneka aukali pa chithunzi, chikhalirecho ulendo wawo wonse ndi wa pa tala. Wotere wataya chitetezo cha makilomita zikwizikwi pofuna kukonzekera makilomita 15.

Manambala a m'mbali mwa tayala

Tayala lililonse limanena lokha za moyo wake kwa wodziwa kuwerenga. Lolembedwa 180/55 ZR17 73W ndi lotambalala mamilimita 180, msinkhu wa khoma lake ndi 55 peresenti ya kutambalalako, ndi la mtundu wa radial, ndipo limavala limu ya mainchesi 17. Nambala ya 73 ikutanthauza kuti limanyamula makilogalamu 365. Makampani ena amapanga tayala lomwelo m'mitundu iwiri, wina wokhala ndi zilembo za GT, womwe mkati mwake adaulimbitsa kuti upirire njinga zolemera. Kusakaniza tayala la radial ndi la mtundu wakale wa cross-ply pa njinga imodzi n'kosayenera, pokhapokha ngati wopanga njingayo adalamula choncho.

Palinso manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka: 2322 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Apa ndi pamene matayala a kaunjika amapusitsa anthu. Tingalande timatha kuoneka takuya bwinobwino, pomwe labala adauma kale ndi zaka komanso dzuwa. Michelin imalangiza kuti tayala likatha zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Nalo latsopano lili ndi ngozi yake: pa makilomita pafupifupi 160 oyamba limakhala loterera, mpaka msewu utalikwecha.

Malamulo a ku Britain amafuna kuti tingalande ta njinga yoposa 50cc tisachepere milimita imodzi kuya kwake, pomwe ku Germany malire ndi mamilimita 1.6. Awa ndi malire a lamulo, osati a chimvula cha mu Januwale, ndipo woyendetsa wanzeru amasintha tayala asanafikepo. Kutha kwa tayala la ulendo wautali kulinso ndi mchitidwe wake. Chifukwa choyenda mowongoka kwa masiku, lakumbuyo limaphwa pakati n'kukhala ndi mapewa. Pa kona njinga imayamba yakana kupendekeka, kenako n'kugwera mbali mwadzidzidzi ikadumpha phewalo, ndipo pa msewu wonyowa kudzidzimuka kotereku n'kokwanira kuti tayala litaye msewu.

Pali chikhulupiriro chakuti kuphwetsako mpweya kumathandiza tayala kugwira mu mvula. Pa tala si zoona. Tayala lochepa mpweya limafwamphuka, tingalande timapanikizika, madzi n'kusowa kothawira. Njinga zambiri zikuluzikulu zimafuna mpweya wa 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 bar kumbuyo, koma muyeso weniweni uli m'buku la njingayo, ndipo uyesedwe m'mawa matayala asanatenthe.

Njinga ikayamba kugwedezeka

Mu 1971 katswiri wa ku Britain, Robin Sharp, adafotokoza mwa masamu mitundu ya kugwedezeka kwa njinga yamoto. Iwiri mwa iyo ndiyo imavutitsa njinga zonyamula katundu. Woyamba, wobble pa Chingerezi, ndi kunjenjemera kwa chiwongolero kofulumira kwambiri, ndipo umakonda kubwera pa liwiro lapakatikati, makamaka tayala lakutsogolo likadyeka mosalingana kapena mabering'i a chiwongolero akakhwepa. Wachiwiri, weave, ndi kupotokola kwa njinga yonse ngati njoka, ndipo umadza pa liwiro lalikulu.

Chimene chimauitana nthawi zambiri ndi kapakiridwe ka katundu. Bokosi lolemera lokwezedwa kuseri kwa gudumu lakumbuyo limapeputsa kutsogolo, tayala lowongolera n'kumangopsopsona msewu. Zolemera, monga zitsulo zokonzera njinga ndi zigubu za madzi, malo ake ndi pansi m'mabokosi a m'mbali, molingana uku ndi uku. Bokosi lapamwamba lisiyidwire zovala. Shoko yakumbuyo nayo iyenera kumangidwa molingana ndi mtolo. Kugwedezeka kukayamba, thupi limafuna kufinya chiwongolero ndi kugwira buleki mwamphamvu, koma zonse ziwirizi zimangokolezera. Chothandiza ndi kufewetsa manja, kuweramira kutsogolo ndi kubweza moto pang'onopang'ono.

Mabuleki ndi makona

Mphamvu yogwirira msewu ili ngati ufa wa m'thumba limodzi: wina ukapita ku phala, wa nsima wachepa. Tayala likamagwira ntchito yokhota, yoimitsa njinga imachepa, ndipo mvula imachepetsa thumba lonselo. N'chifukwa chake pa zitsetse ngati za Chiweta, Khwekhwelere kapena Thabwa potsikira ku Chikwawa, liwiro liyenera kudulidwa njinga idakali chilili, kona isanafike. Kutsitsa giya mwaphuma kumamanga gudumu lakumbuyo chimodzimodzi ndi kuponda buleki mwankhanza. Buleki yakutsogolo, yomwe imagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa njinga, imafuna kuyamba mofewa kuti kulemera kutsamire pa tayala lakutsogolo, kenako n'kumaonjezera. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limati pa msewu wonyowa mtunda woimira umawirikiza kawiri kapena kuposa, kotero mpata wa masekondi awiri kumbuyo kwa galimoto uyenera kukhala anayi.

Makina athandizapo kwambiri. Mabuleki a ABS, omwe salola gudumu kumangika, adafika pa njinga yamoto mu 1988 pa BMW K100. Mu 2013 kampani ya Bosch idabweretsa mtundu wozindikira kupendekeka kwa njinga, womwe udayambira pa KTM 1190 Adventure, ndipo kuyambira 2016 maiko a European Union adayamba kukakamiza ABS pa njinga zatsopano zoposa 125cc. Komabe makinawa amangogawa bwino mphamvu imene tayala lili nayo. Sangaonjezere imene palibe. Njinga zambiri za kabaza zilibe n'komwe zipangizozi.

Msewu wonyowa suterera mofanana paliponse. Penti ya mizere yoyera ndi malo owolokera anthu, zivundikiro zachitsulo za ngalande za m'tauni, matabwa a milatho ya kumudzi, ndowe, ndi matope amene ngolo ndi malole amabwera nawo pa tala kuchokera m'misewu ya fumbi, onsewa ndi malo odutsa njinga ili chilili, popanda buleki. Njanji iwolokedwe mopingasa ndithu, osati mopendekera. Pakati penipeni pa mbali ya msewu ndi pomwe oyilo amadonthera, choncho ndi bwino kutsata mkwasa wa matayala a galimoto, momwe madzi akankhidwa kale.

Chithaphwi chili ndi ngozi ziwiri. Matayala a njinga, pokhala opyapyala ndi obulungira, sayandama pa madzi msanga ngati a galimoto, koma lakumbuyo lotambalala ndi lakutha limatha kutero pa liwiro lalikulu. Ngozi inayo ndi dzenje lobisala pansi pa madzi, lomwe limapinda limu ndi kutulutsa mpweya wonse wa tayala lopanda chubu nthawi imodzi. Akawoloka madzi akuya, woyendetsa agwire mabuleki mopepuka kwa mamita angapo kuti aume, makamaka ngati ndi a dilamu, omwe amasunga madzi m'kati.