Kodi nthabwala yakale ingadzuke mwini wake atapita?

Anzanga a m'kalabu, pamsonkhano wathu ena anapempha kuti tidzutse pawailesi sewero loseketsa la wapolisi wopusa, lija timati likayamba ana n'kusiya nsima. Tisanavomere, tiyeni tione kaye kumene ena anadutsa.

Ku America, m'chaka cha 1982, kunali sewero la pakanema lotchedwa Police Squad! Linangokhala ndi zigawo 6 basi, eni kanema n'kulithetsa. Koma mu 1988 anthu omwewo analisandutsa filimu, The Naked Gun, ndipo Leslie Nielsen, yemwe ankasewera ngati wapolisi Frank Drebin, anatchuka dziko lonse. Chinsinsi chake chinali nkhope. Galimoto igunde chinthu, nyumba ipse, mkuluyu osamwetulira ngakhale pang'ono, ngati kuti ali pantchito ya boma yeniyeni. Mafilimu ena anatuluka mu 1991 ndi 1994. Nielsen anamwalira mu 2010.

Mu 2025 filimuyi inabweranso, ndipo apa m'pamene pali nzeru. Liam Neeson, munthu amene tinamuzolowera m'mafilimu a mfuti ndi ndewu, sanasewere ngati Drebin yemwe uja wa malemu Nielsen. Anasewera ngati mwana wa Drebin. Owonera sanakakamizidwe kuiwala bambo.

Ife kuno ku Lichinga ngakhale Nielsen sitinkamudziwa kwenikweni, tinali ndi athu. Abale ambiri amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, pobwerera mtendere utasainidwa mu 1992, anabwera ndi chizolowezi chomvera MBC, ndipo makaseti ankalowa kudzera pa Chiponde ndi Mandimba. Ndani mwa ife achikulire sadziwa Izeki ndi Jakobo? John Nyanga, yemwe anali Izeki, anatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo uja wa Kwathu Drama Group, anatsatira mu 2021. Chiyambire pamenepo ndamvapo anyamata angapo akuyesa kulankhula ngati Izeki. Kunena zoona, zimandimvetsa chisoni m'malo moti ndiseke. Mawu amafanana, koma kanthawi kaja ka kukhala chete asanayankhe mnzake kalibe.

Ndiye maganizo anga ndi akuti wapolisi wathu akhale watsopano, wa dzina lake, wogwira ntchito pamsewu wopita ku Metangula, amene amaimitsa njinga yonyamula makala n'kufunsa laisensi ya thumba. Amene ali ndi nkhope yosaseka abwere Loweruka tidzayese.