Goli Linachoka, Koma Kufanana Kunachedwa

Phungu wa ku Britain

William Wilberforce anali phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Britain. Ankakhulupirira kuti kugula ndi kugulitsa munthu ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ndipo analimbana ndi malondawa kwa zaka zambiri osatopa. Mu 1807 dziko lake linaletsa malonda a akapolo. Mu 1833, chaka chimene iye anamwalira, linakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'madera ambiri amene linkalamulira. Komabe chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni chinapita kwa eni akapolo, pamene amene anakhetsa thukuta m'minda sanalandire kanthu. Apa ndipo tikuona kuti kumasula munthu n'kosiyana ndi kumuyesa mnzako.

M'mbali mwa Shire

Malamulowo sanafike msanga kuno. Pamene David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anthu anali akumangidwabe m'magoli n'kutengedwa ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. M'dera lomwe lero ndi Machinga ndi Balaka, mafumu ena ankapereka anthu ndi minyanga ya njovu kuti alandire nsalu, mfuti ndi wonga. Harry Johnston, amene ankatsogolera boma la atsamunda kuyambira 1891, anathira nkhondo mfumu Liwonde mu 1893, ndipo mu 1895 asilikali ake analanda linga la mfumu Kawinga paphiri la Chikala. Tisaloze chala mtundu umodzi, chifukwa anthu wamba a mitundu yonse ndiwo ankagwidwa, ndipo ogula anali kutali kugombe la nyanja yamchere.

Kodi umenewo unali ufulu?

Ena amati tingothokoza, poti atsamunda ndiwo anatichotsa goli. N'zoona kuti nkhondo zimenezo zinapulumutsa miyoyo, ndipo mayi amene mwana wake sanagwidwenso anali ndi chifukwa chosangalalira. Koma boma lomwelo linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo kumtunda kwa Shire minda ikuluikulu inapita kwa azungu, eni nthaka n'kumalima thangata kuti asathamangitsidwe. Bungwe lopanga malamulo linayamba mu 1907, koma munthu wakuda analowamo koyamba mu 1949. Munthu amene sagulitsidwa, koma alibe mawu pa za msonkho wake ndi munda wake, ufulu wake ndi wotsimphina.

Lero Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 amaletsa ukapolo pa ndime 27 ndi tsankho pa ndime 20, ndipo lamulo la 2015 limalanga ozembetsa anthu. Mukaona wina akutenga ana pamudzi ndi lonjezo la ntchito yosadziwika bwino, kauzeni amfumu kapena apolisi tsiku lomwelo.