Chimanga cha Chithandizo

Chimanga cha chithandizo ndi chakudya chimene boma la Malawi limagawa kwa mabanja osowa m'miyezi ya njala, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Chaka ndi chaka komiti ya MVAC imafufuza zokolola ndi mitengo ya m'misika, n'kulengeza chiwerengero cha anthu ofunika thandizo. Mu 2024, ng'amba ya El Niño itawononga mbewu, anthuwo anali 5.7 miliyoni. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndiyo imatsogolera kagawidwe, ndipo chimanga chambiri chimachokera m'nkhokwe za bungwe losunga chakudya la NFRA.

Banja sililemba kalata yopempha. Mayina amalembedwa kumudzi, mfumu ndi komiti ya m'mudzi zikuona, ndipo patsogolo pamaikidwa okalamba, olumala, odwala nthawi yaitali ndi ana odzilera okha. Apa m'pamene madandaulo amachuluka: agogo oyenda ndi ndodo akalephera kufika pa msonkhano, dzina lawo limatha kuphonyeka, pamene iwo ndiwo oyenera koposa. Wosiyidwa angathe kukadandaula ku khonsolo ya boma lake.

Pa tsiku logawa, wolandira amaonetsa chiphaso cha unzika, n'kusayina kapena kudinda chala. Nthawi zambiri banja limalandira thumba la makilogalamu 50 pa mwezi, kapena ndalama m'malo mwake.