Nyumba Zopangidwa M'fakitale: Phunziro la ku Britain Nkhondo Itatha

Tikamaphunzitsa za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse timakonda kulekezera pa 1945, ngati kuti mfuti zitangosiya kulira aliyense anabwerera kwawo. Koma ku Britain anthu ambiri analibe kobwerera. Mabomba a Germany anali atagwetsa nyumba zambirimbiri ku London, Coventry, Liverpool ndi mizinda ina, komanso ntchito yomanga inali itaima pafupifupi zaka zonse za nkhondo. Boma linayesa njira ziwiri zopangira nyumba m'fakitale, ndipo zotsatira zake zinasiyana kutalitali.

Njira yoyamba inali ya tinyumba tapansi. Mu Malichi 1944 Winston Churchill analengeza pa wailesi kuti boma limanga nyumba zongoyembekezera zokwana 500,000, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza mapaundi 150 miliyoni a ntchitoyi. Chiwerengerochi sichinakwane, poti pakati pa 1945 ndi 1949 anamanga nyumba 156,623. Anthu anazitcha ma prefab, kutanthauza nyumba zofika pamalo zitapangidwa kale. Amisiri a njerwa anali ochepa, koma mafakitale amene ankapanga ndege za nkhondo anali ndi antchito, makina ndi aluminiyamu wambiri. Choncho mtundu wina wotchedwa AIROH unkapangidwa m'mafakitale omwewo, n'kunyamulidwa pa malole m'zidutswa zinayi, ndipo amisiri ankatha kuilumikiza nyumbayo pa maziko a simenti tsiku limodzi.

M'katimo munali zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini, bafa, chimbudzi, madzi otentha, ngakhalenso firiji. Kwa banja limene kale linkapanikizana m'chipinda chimodzi cha lendi n'kumagwiritsa ntchito chimbudzi chakunja ndi mabanja ena, izi zinali ngati maloto. Neil Kinnock, amene anadzakhala mtsogoleri wa chipani cha Labour, anakulira mu prefab ku Tredegar ku Wales.

Komabe chimene ine ndimachiona chachikulu chinali kunja kwa nyumba. Iliyonse inali ndi khomo lakelake ndi kadimba kozungulira. Anthu ankadzala mbatatesi ndi maluwa, ana ankasewera m'tinjira makolo akuwaona pa windo, ndipo anthu oyandikana ankacheza atatsamira mpanda. Ambiri anali mabanja achinyamata amene analowa nthawi imodzi, motero ana anakulira pamodzi ngati a mudzi umodzi. Chitsanzo chodziwika ndi Excalibur Estate ku Catford mu London, nyumba 187 zimene zinamangidwa mu 1945 ndi 1946 ndi akaidi a nkhondo ochokera ku Germany ndi Italy. Boma linati ma prefab akhala zaka pafupifupi 10 zokha, koma ku Excalibur anthu anakhalamo zaka zoposa 60. Mu 2009 nyumba 6 za pamenepo zinaikidwa m'gulu la nyumba zotetezedwa ndi lamulo. Khonsolo ya Lewisham itavomereza mu 2011 zogwetsa zotsalazo, okhalamo anagawikana: ena ankafuna nyumba zatsopano, ena ankakaniratu kusamuka.

Zovuta zinalipo ndithu. Nyumbazi zinkazizira kwambiri m'nyengo yachisanu, zambiri zinali ndi asbestos amene pano tikudziwa kuti amawononga mapapo, zinadula kuposa mmene boma linkayembekezera, komanso zinkadya malo ambiri mumzinda.

Nkhani ya malo ndi imodzi mwa zimene zinabweretsa njira yachiwiri, ya nyumba zosanjikizana. Kuyambira 1956 boma linkapatsa makhonsolo ndalama zochuluka akamanga nyumba zazitali kwambiri. Makontrakitala anayamba kuumba makoma ndi pansi pa simenti m'fakitale, n'kumazisanjika ndi makina mwaliwiro. Imodzi mwa nyumbazi inali Ronan Point ku Newham, kum'mawa kwa London, ya nsanjika 22. M'mawa wa pa 16 Meyi 1968, patangotha miyezi iwiri anthu atayamba kulowamo, mayi wina wa pa nsanjika ya 18 anayatsa machesi kuti aphike tiyi, osadziwa kuti gasi akutuluka. Kuphulikako kunakankhira kunja khoma limodzi lonyamula katundu. Zipinda zam'mwamba zinasowa pokhazikika n'kugwera zam'munsi, mpaka ngodya yonse ya nyumbayo inagumuka kufika pansi. Anthu 4 anafera pomwepo ndipo 17 anavulala.

Malamulo a zomangamanga anasinthidwa mu 1970, ndipo nyumbayo anaikonza anthu n'kubwereramo. Koma katswiri wojambula nyumba, Sam Webb, pamodzi ndi okhalamo sanasiye kudandaula. Pamene ankaiphwasula mu 1986, anachotsa chidutswa chimodzichimodzi kuti aone mmene inamangidwira, ndipo m'malo ena olumikizira makoma anapezamo nyuzipepala ndi zinyalala m'malo mwa simenti. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Taonani tsono, anzanga. Ma prefab ndi Ronan Point zonse zinachokera m'fakitale, zonse zinali za anthu opeza movutikira, zonse zinamangidwa mofulumira. Kusiyana kwake kunali pa zinthu ziwiri. Choyamba, ku Ronan Point ntchito yolumikiza sinayang'aniridwe mokwanira, ndipo cholakwika cha pa khoma limodzi chinakhudza mabanja a nsanjika zonse. Chachiwiri, prefab inkasiyira banja malo oti liwasamale ndi kuwasintha lokha, komanso njira yokumanirana ndi anzawo tsiku ndi tsiku. Munthu akadzala mtengo pakhomo, ngakhale nyumbayo ikhale ya lendi, amayamba kuiona ngati yake.

Masiku ano nkhani ya nyumba za m'fakitale yabwereranso, ndipo oilimbikitsa amati ndi zotchipa, zofulumira komanso zosawononga zipangizo. Ena mwa inu ophunzira anga akale ndinu mainjiniya, ena muli m'makhonsolo. Wina akadzakubweretserani pulani yotere, mudzafunse kuti adzayang'anire polumikiza ndani, ana adzasewera pati, ndipo odzakhalamowo afunsidwa kapena ayi.