Kanema M'dera la Chiuta: Mbiri ya Amene Adagwira Kamera

Njanji yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka imaoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, nilambalala mapiri a Chikala, kenaka nikwera pa mtunda wa mchenga umene udalekanitsa nyanja ziŵiri, Chilwa kumwera ndi Chiuta kumpoto, isanaloŵe m'dziko la Mozambique pa Nayuchi. Njanjiyi idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Nyanja ya Chiuta ndi yosazama, yozingidwa ndi bango ndi madambo, ndipo ili pa malire enieni a maiko aŵiriŵa. Madzi ake akachuluka amatsikira ku nyanja ya Amaramba, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda.

Kwa wophunzira wofuna kujambula kanema wa nthumanzi, uja wa mbava, apolisi ndi kuthamangitsana, malo otere ndi mphatso. Pali bango lobisalamo, bwato lothaŵirapo, ndi malire amene munthu akangoŵadumpha lamulo la kwao silingamugwirenso msanga. Masiku ano ana a sukulu asanu okhala ndi foni imodzi yabwino atha kujambula seŵero lotere pa tchuthi chimodzi. Koma kuti chida chojambulira chifike m'manja mwa mwana wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe padapita zaka zambiri, ndipo pa zaka zonsezo funso lidali limodzi: kodi wofotokoza nkhani ya anthu a kuno ndani?

Kanema woyamba wokonzera anthu a kumudzi m'chigawo chino cha Africa adabwera ndi alendo. Pakati pa 1935 ndi 1937 padali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene adaitsogolera Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, ndi thandizo la bungwe la mamishoni la International Missionary Council ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America. Iwo adamanga msasa wao ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, najambula mafilimu 35, ndipo ena mwa mafilimuwo adayenda nawo pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Mau sadali pa filimu. Adali pa mbale za galamafoni zimene ankaziliza pamene zithunzi zinkayenda pa chinsalu.

Imodzi mwa mafilimu ao idali yolimbikitsa anthu kusunga ndalama ku positi ofesi. Mwamuna wina adasungitsa malipiro ake kumeneko, mnzake nakwirira ake pansi m'nyumba. Mbala idaona, nidzafukula, ndipo anthu adaithamangitsa. Motero kuyambira pachiyambi penipeni ojambula adazindikira kuti phunziro louma silisonkhanitsa anthu, koma mbala yothaŵa imadzutsa bwalo lonse. Kanema wa nthumanzi adaloŵa m'dziko muno atabereka ulaliki wa boma kumbuyo.

Ntchitoyi idakula m'chaka cha 1948 pamene kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, imene likulu lake lidali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Nthambiyi inkatumikira Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mkulu wake adali Alan Izod. Mmodzi mwa ojambula ake, Stephen Peet, amene pambuyo pake adatchuka ku BBC ndi pologalamu ya Yesterday's Witness, ankayenda m'midzi ndi kagulu kochepa, nasankha alimi, amai ndi anyamata a pomwepo kuti akhale ochita seŵero. Anthuwo sadaphunzire zisudzo kusukulu ina iliyonse. Nyumba za m'filimu zidali nyumba zao, makasu adali makasu ao, koma nkhani idalembedwa ndi ena.

Kujambula kwa masiku amenewo kudali ntchito ya thukuta. Filimu yake idali ya mamilimita 16, ndipo mkombero wotalika mapazi 100 unkatha pa mphindi zitatu kapena zinai zokha. Makamera ambiri ang'onoang'ono adali opukusa ngati wotchi, oyenda pafupifupi theka la mphindi asanafune kupukusidwanso. Magetsi kumudzi kudalibe, kotero dzuŵa ndilo lidali nyale. Mtambo ukaliphimba onse ankakhala pansi kudikira. Choposa zonse, wojambula sankatha kuona zimene wajambula kufikira filimu itatumizidwa kutali kukatsukidwa. Cholakwa chinkadziŵika gulu litachoka kale pamudzipo.

Mafilimuŵa adali opanda mau. Galimoto ya kanema ikafika pa bwalo la sukulu kapena pa khoti la mfumu madzulo, ankatambasula chinsalu choyera, naliza injini ya magetsi, ndipo munthu mmodzi ankaima ndi chimkuzamau kufotokoza nkhani m'chiyankhulo cha anthu. M'dera la Ayao, Alomwe ndi Anyanja ngati la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, mphamvu yeniyeni idali pakamwa pa womasulira ameneyu. Iye akafuna ankatha kusandutsa phunziro la boma kukhala nthabwala, ndipo mzungu wolemba nkhani sakadadziŵa.

Oonera nawo sadali ana. Amuna amene adapita ku migodi ya ku Kabwe, Kitwe, Wankie ndi Johannesburg adaonako mafilimu a makaubo a ku America, ndipo ku migodi ya mkuwa ngwazi iliyonse ya m'mafilimu otere ankangoitchula kuti Jack. Anthu otere ankasiyanitsa bwino kanema wokondweretsa ndi kanema wolangiza. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, nthambi ija idasanduka pang'onopang'ono chida chotamandira Chitaganyacho, ndipo pofika cha m'ma 1960 anthu ambiri okonda ufulu ankaziona galimoto za kanema ngati pakamwa pa adani ao. Chitaganya chitatha mu 1963, nthambi nayo idatha.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, kamera idachoka m'manja mwa boma la atsamunda niloŵa m'manja mwa boma latsopano. Nthambi yofalitsa nkhani inkajambula maulendo a Pulezidenti Dr. H. Kamuzu Banda, ntchito za chitukuko ndi malangizo a ulimi. Mu 1968 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo kuyambira pamenepo filimu kapena seŵero lililonse lidayenera kuyamba launikidwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe kwa anthu. Wailesi ya kanema kudalibe pa zaka zonse 30 za ulamuliro umenewo. Wailesi ya mau ya MBC ndiyo idali bwalo la dziko lonse, ndipo luso la anthu olemba nkhani zongopeka lidathira m'maseŵero a pa wailesi.

Sikuti derali lidasoŵa nkhani zoimika mtima. Mu 1895 asilikali a Angerezi adagonjetsa linga la mfumu Kawinga pa phiri la Chikala. Mu February 1965 Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake adaukira boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, nathamangira kumwera usiku kulinga ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni yoolotsa magalimoto itamangidwa tsidya lina la Shire, ndipo chiŵembu chonse chidathera pa gombe pomwepo. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique idaimitsa sitima za pa njira ya ku Nacala, ndipo othaŵa nkhondo adakhamukira m'maboma a m'malire. Wolemba nkhani za nthumanzi sakadapeka zoposa zimenezi. Koma nkhani ngati ya pa Liwonde inkakambidwa monong'ona, ndipo panthaŵiyo palibe Mmalaŵi akadayerekeza kuiika pa chinsalu.

Ophunzira adafika m'derali ndi seŵero asanafike ndi kamera. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College lidayamba cha m'ma 1970, ndipo kuyambira mu 1985 aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, pamodzi ndi ophunzira ao, adagwirizana ndi nthambi ya zaumoyo ya ku Liwonde, imene inkathandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Adagwira ntchito ku Mwima ndi ku Mbela. Njira yao idasiyana kotheratu ndi ya galimoto za kanema zija. Iwo ankayamba akhala pakati pa anthu, kumva madandaulo ao, kuphunzira nyimbo zao, kenaka napanga seŵero losalembedwa papepala. Limodzi mwa maseŵerowo lidali lonena za chitsime ndi madzi akumwa. Seŵero likafika pa mfundo yovuta, wochita seŵero ankatembenukira kwa oonera naŵafunsa chochita, ndipo mkangano wa m'seŵero unkasanduka msonkhano wa mudzi. Kwa nthaŵi yoyamba anthu a kumudzi sadali zithunzi m'nkhani ya eni. Adali olemba anzao a nkhaniyo.

Zinthu zidatembenuka dziko litavomereza zipani zambiri mu 1993 ndi kuchita chisankho mu 1994. Timanyumba toonetsera mavidiyo tidafalikira pa misika, ndipo ana a pa Nselema ndi pa Balaka adakulira pa mafilimu a nkhonya a ku Hong Kong ndi ku America, kenaka a ku Nigeria. Mafilimu a ku Nigeria adaphunzitsa chinthu chachikulu: kuti munthu wakuda, wokhala ndi kamera yotsika mtengo ndi nyumba yobwereka, atha kupanga kanema wogulika. Balaka idakhala boma palokha mu 1998, Television Malaŵi idayamba kuulutsa mu April 1999, ndipo mu 2007 ansembe a chipani cha Montfort adatsegula Luntha TV m'tauni ya Balaka, imene idali itatchuka kale ndi nyimbo za Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda. Anyamata achidwi adadzafikanso poyamba kuthira mau a Chicheŵa pa mafilimu akunja. Ameneŵa ndi zidzukulu za womasulira wa pa galimoto uja, ngakhale ambiri sadamuonepo.

Zipatso zidaoneka posachedwa. Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene adadziphunzitsa yekha za kanema, adalandira mphotho ku Zanzibar mu 2009 ndi filimu ya Seasons of a Life, ndipo mu 2012 adatulutsa The Last Fishing Boat, nkhani ya msodzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi. Mu 2016 Joyce Mhango Chavula adapambana ku Lagos ndi filimu ya Lilongwe. Mu 2019 dziko lonse lapansi lidaona The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor adajambula ku Kasungu. Wophunzira wa lero ali ndi zitsanzo za kwao zimene agogo ake sadazilote.

Komabe foni sidachotse mavuto onse a wojambulira kumudzi. Mphepo ya pa nyanja imameza mau, kotero chotengera mau chiyenera kufunditsidwa ndi kuyandikizidwa pakamwa. Dzuŵa la masana limadetsa nkhope, ndipo ojambula odziŵa amasankha m'maŵa ndi madzulo. Madzi a nyanja zosazama amasuntha ndi nyengo. Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo pa Chiuta gombe lojambulidwa mu April likhoza kukhala dambo louma pofika October. Nthumanzi nayo sibwera ndi magazi kapena phokoso. Imabwera pamene woonera akudziŵa choopsa chimene munthu wa m'seŵero sakuchidziŵa, monga momwe ana omvera nthano madzulo amadziŵira kuti fisi wabisala pa njira pamene mtsikana akuyenda akuimba.

Vuto lalikulu koposa ndi la anthu. Seŵero la kuba munthu, lochitika ndi alendo onyamula mfuti zoseŵeretsa ndi kuvala ngati apolisi, silioneka ngati seŵero kwa mai amene akuchokera ku chitsime. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu angapo m'chigawo cha kumwera, makamaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ambiri mwa ovutitsidwa adali anthu osadziŵika pamalopo. Boma la Machinga lidaonanso nkhanza zenizeni zochitira anthu achialubino, kotero kukuwa kwa mwana usiku si chinthu choseŵera nacho kumeneko. Chifukwa chake ophunzira anzeru amayamba aonekera kwa mfumu ndi ku polisi, nafotokozera mudzi wonse tsiku ndi malo a seŵero lao. Saloŵa kumanda popanda eni ake, sajambula nkhope ya munthu asanampemphe, ndipo saoloka malire pa bwato chifukwa chongofuna chithunzi chokongola. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mudzi umatsala ndi zimene mlendoyo wausiyira.

Mbiri ya zaka 90 zimenezi ikuonetsa njira ziŵiri. Ya galimoto ya atsamunda idali kufika ndi nkhani yolembalemba, kubwereka nkhope za anthu, ndi kuchoka. Ya ku Mwima idali kukhala pansi, kufunsa ndi kumvetsera. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Blantyre wofika pa Chiuta ndi kamera akhoza kutsata ina iliyonse mwa njira ziŵirizi, pakuti kukhala Mmalaŵi pakokha sikumletsa kuchita ngati mtsamunda. Muyeso wake ndi wapafupi. Filimu ikatha, abwerere nayo ku gombe kumene adaijambula, atambasule chinsalu madzulo, ndipo msodzi amene adambwereka bwato akhale pa mpando wa kutsogolo. Ngati msodziyo adzizindikira yekha pa chinsalupo osachita manyazi, ndiye kuti kamera yafikadi kwao.