Matumba awiri a ozimitsa moto ku Minnesota

Dzina lakuti relief association limasokeretsa. Khutu lathu likamva relief limayembekezera chimanga chogawa pa chilala, koma ku Minnesota, m'dziko la America, limeneli ndi bungwe losunga penshoni ya ozimitsa moto ongodzipereka. Wina ndi makaniko, wina mlimi, wina mphunzitsi. Uthenga wa moto ukafika, makaniko uja amasiya sipanala pansi, mafuta ali m'manja, n'kuthamanga.

Ndalama zina za bungweli zimachokera ku msonkho wa 2 peresenti umene boma limadula pa zimene makampani amatolera pa inshuwalansi ya moto. Zimadzera ku khonsolo ya tauni, ndipo khonsoloyo iyenera kuzipereka ku bungwe pasanathe masiku 30.

Zikafika, msungichuma amakhala ndi matumba awiri, ndipo tsoka kwa iye akawasakaniza. Loyamba, special fund, ndi la penshoni: mumalowa za boma, za khonsolo ndi phindu la masheya, ndipo mumatuluka malipiro a opuma ndi zoyendetsera bungwe zimene lamulo lalola basi. Lachiwiri, general fund, ndi la ndalama zimene mamembala amapeza okha, monga pogulitsa chakudya cham'mawa kwa anthu a m'tauni. Phwando la kumapeto kwa chaka lichokere m'menemo. Ofesi ya State Auditor imayang'ana malipoti chaka ndi chaka.

Liwu limene ndimalikonda ndi vesting. Ine ndimati kukhwima, ngati chimanga: wathyola chisanakhwime, wadya nsete. Lamulo limafuna zaka zosachepera 5 kuti munthu akhale ndi gawo, ndipo m'mabungwe ena gawolo limayambira pa 40 peresenti n'kumakwera ndi 4 chaka chilichonse mpaka kudzaza pa zaka 20. Tiyerekeze kuti bungwe lalonjeza madola 2,000 pa chaka chilichonse chimene munthu watumikira. Wa zaka 20 adzatenga 40,000 nthawi imodzi. Wosiya pa zaka 5 sadzatenga 10,000 ayi, koma 4,000, ndipo naye adikire kufika zaka 50 zakubadwa.

Tsono pali funso limene mawu onsewa amalizungulira: msika wa masheya ukagwa, alira ndani? Zimatengera mtundu wa penshoni. Pa defined contribution, aliyense ali ndi gawo lake m'thumba, likakula wakondwa, likafota wafota nalo. Pa defined benefit, lonjezo ndi lonjezo. Ndalama zonse zimene bungwe lalonjeza kale amaziwerengera ngati ngongole, n'kuziyerekeza ndi chuma chimene chilipo. Chuma chikakhala madola 900,000 pamene malonjezo ndi 1,000,000, amati funded ratio ili pa 90 peresenti, ndipo khonsolo ndiyo imafunika kuthirapo kuti dzenjelo likwiririke pang'onopang'ono. N'chifukwa chake pa matrasti 9 a bungwe, atatu amachokera ku mbali ya tauni, kuphatikizapo mkulu wa ozimitsa moto. Amene adzalipire ayenera kukhalapo pamene anzake akukambirana zokweza penshoni.

Mabungwe ena ang'onoang'ono anatopa nayo ntchito ya mabukuyi. Kuyambira 2010 akhala akulowa mu ndondomeko ya chigawo chonse imene imayendetsedwa ndi bungwe la penshoni lotchedwa PERA, ndipo sindikuwadzudzula: munthu anadzipereka kugwira paipi ya madzi, osati kuwerengera masheya usiku.