Kasamalidwe ka Makalata a Imelo pa Nchito

Imelo ndi kalata yotumizidwa kudzera pa intaneti. Mu 1971, Ray Tomlinson wa ku America anatumiza uthenga woyamba wotere kucokera pa kompyuta ina kupita pa inzake, nasankha cizindikilo ca @ cimene cili m'maadiresi onse lero. M'Zambia njira imeneyi inayamba kufala pambuyo pa kukhazikitsidwa kwa ZAMNET pa Yunivesite ya Zambia mu 1994.

Masiku ano makalatawa aculuka kwambiri m'maofesi. Wanchito amene amatsegula uthenga uliwonse ukangofika amadukiza nchito yake kambirimbiri pa tsiku, ndipo maganizo sabwerera msanga pamene analekezera. Ndiye cifukwa cake kuli bwino kupatula nthawi ziwiri kapena zitatu pa tsiku zowerengera makalata, ndi kuzimitsa kabelu kodziwitsa kuti uthenga wafika.

David Allen, m'buku lake la mu 2001 lochedwa Getting Things Done, analangiza kuti cinthu cimene cingathe m'mphindi 2 cicitidwe pomwepo. Kalata yotere iyankhidwe nthawi yomweyo, yofuna kuiganizira iikidwe m'foda yake, yosafunika ifafanizidwe. Gmail ndi Outlook zili ndi zosefera zimene zimagawa makalata zokha malinga ndi wotumiza kapena mutu wa nkhani.

Batani la Reply All limadya nthawi ya anthu ambiri, pakuti yankho loyenera munthu mmodzi limafika kwa onse. Kalata yopempha nambala yacinsinsi ya ku banki kapena ya mobile money siyenera kuyankhidwa konse.